Chi V8 Chimamwa Salary: Nkhani Yamene Sakamba pa Car Wash

Kumapeto kwa mwezi uliwonse mu Lusaka anthu amayembekeza mauthenga awiri pa foni. Woyamba ni wa salary. Wachiwiri ni wa ba ERB, wouza dziko mtengo watsopano wa petulo na dizilo. Kuchokera pamene boma linachotsa subsidy pa mafuta mu December 2021, mitengo imaunikidwa mwezi na mwezi, kutengera mphamvu ya kwacha pa dollar komanso mtengo wa mafuta kunja. Wokwera minibus amamva kuwawa conductor akakweza fare. Koma pali gulu lina limene limalira mwakachetechete, mawindo ya tinted yali yotseka: eni ake a zimotoka zikuluzikulu, ma Land Cruiser V8, ma Prado, ma Fortuner na ma double cab yokwezedwa.

Mukumudziwa mudala uja wa ku Chalala. Anagula chi V8 cha second hand deal imodzi itayenda bwino, ndipo sabata yoyamba anazungulira nacho East Park na Manda Hill mpaka ma guard onse anamuzindikira. Manje muoneni pa filling station. Amatsitsa windo pang'ono chabe, kuti wa ka Vitz ali kumbuyo asamve, nkuuza attendant, "Ikamo ya two hundred, mwana, nizabwela mailo kuika full." Attendant nayenso, mwaulemu wake, "Ok bakamba." Onse awiri adziwa kuti mailo lija silifika.

Vuto la mudala si umphawi. Anakhulupirira nambala yolakwika. Pogula motoka anaona pa pepala kuti Land Cruiser 200 ya dizilo, ija ya injini ya 4.5, imayenda pafupifupi makilomita 10 pa lita imodzi. Nambala ija si bodza, koma siinapimidwe pa Lumumba Road. Opanga magalimoto amapima mkati mwa nyumba, motoka ili pa makina yozungulitsa mawilo, aircon yozimitsa, mulibe katundu, mulibe apongozi na masaka ya chimanga kumbuyo. Ni mayeso yothandiza kuyerekeza motoka iyi na inzake, osati lonjezo la zimene muzaona pa Kafue roundabout 17 hours ikakwana.

Mu town, chimene chimadya mafuta kwambiri ni kulemera. V8 imapitirira matani awiri na hafu, pamene Vitz ili pafupi na tani imodzi chabe. Nthawi iliyonse mukanyamuka pa robot, injini imayenera kukankha chitsulo chonse chija kuchokera pa zero. Mukaponda brake chifukwa minibus yaima pakati pa msewu kutenga munthu, mphamvu yonse ija yatayika, muyambenso. Pa Great East Road m'mawa mungachite zimenezi maulendo osawerengeka musanafike pa Arcades. Ndipo mukaima mu jam, injini ikulira, aircon ikuomba, mafuta yakupita koma kilomita siikuwerengeka ngakhale imodzi. Nchifukwa chake eni ake oona mtima amakuuzani kuti mu town V8 ya dizilo imapereka makilomita 6 kapena 7 pa lita, ndipo ya petulo imatsika kuposa apo.

Tiyeni tichite masamu ya pa chala. Tiyerekeze kuti lita ili pa K30, ndipo munthu amayenda makilomita 30 pa tsiku, kupita ku nchito na kubwerera, masiku 22 pa mwezi. Ni makilomita 660. Wa V8, pa makilomita 6 pa lita, afunika malita 110, ndiye K3,300. Wa ka Vitz, tinene makilomita 14 pa lita, afunika malita 47, ndiye K1,400 na pang'ono. Msewu umodzi, jam imodzi, ofesi imodzi, koma kusiyana kwake ni rent ya munthu ku komboni. Apa sitinaikepo ulendo wa ku church, wa ku kitchen party, kapena wa kwa uja amene madam samudziwa. Ndipo ma V8 yambiri yali na matanki awiri yokwana malita 138. Kuika full pa mtengo uja ni K4,140 nthawi imodzi. Manje mwamvetsa chifukwa chake "ya two hundred" siisuntha na needle yomwe.

Palinso boyi wina wa ku Kabulonga, wa double cab. Iye anaona kuti motoka yake siikuoneka yaukali mokwanira, so anaikako bull bar, roof rack, ma spotlight na matayala yakuluyakulu ya m'matope. Matope yamene motoka ija inaonapo ni ya pa car wash chabe. Chilichonse chimene anaonjezera chili na mtengo wake: bull bar ni kulemera, roof rack imalimbana na mphepo, matayala ya mano yakuluyakulu yamagwira tara maningi ndipo injini imavutika kuyazungulitsa. Pa Instagram motoka ikuoneka monga ikupita ku South Luangwa. Ku bank, akaunti ikuoneka monga yabwerera kale.

Tisanamize, zimotoka izi sizoipa. Zinapangidwira nchito yake. Munthu woyenda mu mchenga wa ku Western Province, wopita ku farm nthawi ya mvula, kapena wonyamula gulu na katundu kupita ku Chipata, makilomita opitirira 500, amadziwa chimene akulipirira. Pa msewu wautali, pa liwiro lokhazikika la 100, dizilo yaikulu imakhala pansi ndipo imayandikira nambala ija ya pa pepala. Mukaiponda kufika 140, mphepo imayamba kudya ndalama zanu, chifukwa motoka yooneka monga wardrobe siidula mphepo bwino.

Nkhaniyi inafika na ku boma komwe. Mu 2023 President Hakainde Hichilema anadzudzula poyera chizolowezi chogulira akuluakulu a boma ma VX yodula. Ngakhale Toyota yomwe, potulutsa Land Cruiser 300 mu 2021, inasiya injini ya V8 nkuika V6. Ngati wopanga motoka anaona kuti ludzu lija lanyanya, nanga iwe wa salary imodzi na school fees ya ana atatu?

Amene muli nayo kale, pimani nokha, musakhulupirire kompyuta ya pa dashboard kapena zokamba za wogulitsa. Ikani full mpaka pump idule, lembani makilomita, yendani masiku yanu monga mwa nthawi zonse, mukaikenso full. Gawani makilomita na malita yamene yalowa. Imeneyo ndiye nambala yanu yeniyeni. Onaninso mphepo ya m'matayala, sinthani air filter chifukwa fumbi la Lusaka mu October silichita nthabwala, chotsani roof rack ngati simunyamulapo kanthu, ndipo lekani kuthamangira robot yofiira.

Amene mukali kusunga ndalama kuti mugule, funsani funso limodzi musanatumize deposit: pa makilomita 100 yamene niyenda, ni yangati yali pa dothi? Ngati yankho ni awiri, ya pa gate ya nyumba, ndiye mukugula motoka ya m'thengo kuti izikhala mu jam. Respect ya pa car wash imatha Sunday madzulo, koma attendant amakuyembekezani Monday m'mawa.