Makiyi a sisitimu ali ndi ndani?

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Magomero, ndipo ndinaperekeza agogo anga aakazi kukagula fetereza wotsika mtengo. Tinalawirira kusanache, chiphaso cha unzika atachimanga kunsonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Matumba analipo, tinkawaona ataunjikidwa mkati. Koma mnyamata wogulitsa ankangoyang'ana foni yake n'kumapukusa mutu. "Agogo, pepani, sisitimu yagwa. Dikirani kaye." Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake zomwezo. Zinatheka tsiku lachitatu, anzathu atabzala kale.

Pobwerera agogo anandifunsa kuti: "Iwe wa ku sukulu, kodi a Sisitimuwo ndi ndani? Amakhala kuti? Bwanji amfumu osapita kukawaona?" Ndinaseka, koma funsolo landikhala m'mutu mpaka lero. Kuseri kwa sisitimu iliyonse kuli munthu, nthawi zambiri timangomutchula kuti wa IT. Ali ndi mapasiwedi, ali ndi zida zake, ali ndi bwana amene amamupatsa kapena kumumana ndalama zogwirira ntchito. Ine sindiphunzira za makompyuta, maphunziro anga ndi a mbiri yakale ndi filosofi. Koma ndafika potsimikiza kuti zida za munthu ameneyu ndi nkhani ya ulamuliro, ndipo tikalakwitsa kwambiri tikazisiyira akatswiri okha.

Tiyambe ndi zidazo. Zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la mapulogalamu olondera, monga Zabbix, Nagios ndi Prometheus. Ntchito yawo ndi ya mlonda wosagona. Mphindi iliyonse amafunsa seva, kompyuta yaikulu ija yosunga deta, ngati ikuyankha, ngati malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza, ngati m'chipinda mwayamba kutentha chifukwa magetsi athima. China chikalakwika, uthenga umapita pa foni ya wa IT anthu asanayambe kudandaula pa mzere. Pambali pa izi pamakhala kaundula amene amalemba yekha kuti walowa m'sisitimu ndi ndani, nthawi yanji, ndipo wasintha chiyani.

Gulu lachiwiri ndi la zida zochititsa kuti ntchito izidzichita yokha, monga Ansible ndi PowerShell. M'malo moyenda ofesi ndi ofesi kukonza makompyuta 300, wa IT amalemba malangizo kamodzi, makompyuta onsewo n'kutsatira. Angathe kulamula kuti usiku uliwonse deta yonse izikoperedwa n'kusungidwa kwina, kapena kuti munthu akangosiya ntchito, akaunti yake izitsekeka tsiku lomwelo.

Gulu lachitatu ndi cloud. Dzinali limapusitsa, chifukwa kumitambo kulibe chilichonse. Cloud ndi makompyuta a eni ake amene mumachita lendi kudzera pa intaneti. Microsoft 365, Google Workspace ndi Amazon Web Services ndi zitsanzo zake. Ngati imelo yanu ya ku sukulu mumaitsegula pa Gmail kapena Outlook, ndiye kuti zolemba zanu zikugona m'nyumba ya wina, kunja kwa dziko lino.

Tsono n'chifukwa chiyani wophunzira mbiri yakale akulowerera za ma seva? Chifukwa nkhani ziwiri zazikulu zimene zagwedeza dziko lino tili ana mpaka takula zinachitikira pomwepo.

Yoyamba ndi Cashgate. Pa 13 September 2013, a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pakhomo pawo ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira zinaululika kuti ndalama za boma zinkatuluka ngati madzi a m'dengu. Kampani yofufuza ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Kabedwe kake n'kofunika kukamvetsa. Boma linali ndi sisitimu yoyendetsera chuma yotchedwa IFMIS. Anthu ankalowetsamo malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke n'kusindikizidwa, kenako n'kufufuta zimene analowetsazo. Cheke chikasinthidwa ku banki, m'sisitimu munalibe mapazi.

Tangoganizani. Pakanakhala pulogalamu yoyerekeza usiku uliwonse macheke amene alipidwa ku Reserve Bank of Malawi ndi amene ali m'kaundula wa boma, ikanakuwa sabata yoyamba yomwe. Pakanakhala kope la kaundula losungidwa kwina, kumene wolowetsa malipiro sangafikeko, kufufuta kukanakhala kudziulula. Izi si nzeru zozama, ndi ntchito ya masiku onse ya wa IT amene wapatsidwa zida ndi ufulu. Mathero ake tikuwadziwa: mayiko otithandiza anaimika thandizo lawo pa bajeti, ndipo ululu wake unamvekera m'zipatala ndi m'masukulu, kwa anthu amene sanaonepo IFMIS ndi maso.

Yachiwiri ndi ya mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'sisitimuyo ndipo ankafuna dipo. Ena, kuphatikizapo omenyera ufulu wa anthu, ankati gwero lake linali kusamvana kwa boma ndi kampani ya Techno Brain, imene inakonza sisitimuyo, ndipo mgwirizano wake wa $60.8 miliyoni boma linali litauthetsa mu December 2021. Kusindikiza kunayambanso mu March. Koma kaya mukhulupirira mbali iti, phunziro lake ndi limodzi. Ngati anali akuba, kope la deta losungidwa padera linali kuti, loti ntchito iyambirenso m'masiku awiri? Ngati unali mkangano wa mgwirizano, zinatheka bwanji kuti dziko lodzilamulira lisakhale ndi makiyi onse a nkhokwe yake? Pa nthawi imeneyo achinyamata amene anapeza mwayi wa sukulu kunja, odwala ofuna chithandizo ku India, ndi amalonda a ku Johannesburg ndi Dar es Salaam ankangowerenga masiku.

Mnzanga wina wophunzira za makompyuta amati yankho ndi losavuta: tiike zonse pa cloud, basi. Mfundo yake ili ndi mphamvu, sindingakane. Ife a ku Chiradzulu tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023. Chaka cha m'mbuyo mwake namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Seva yokhala pakona pa ofesi, pansi pa denga lodontha, yodalira jenereta yopanda mafuta, si malo osungirapo mbiri ya anthu mamiliyoni. Makampani akuluakulu ali ndi alonda a deta ambiri kuposa amene boma lathu lingalembe ntchito. Ndipo afika pafupi: Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024.

Koma lendi ya cloud imalipidwa m'madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Usiku umodzi, bilu ya ofesi iliyonse yochita lendi kunja inakwera popanda kuwonjezera kanthu. Nanga tsiku limene madola asowa m'mabanki, monga zimachitikira kuno, ofesi n'kulephera kulipira? Akaunti imatsekedwa ndi makina, ndipo makina sadziwa kupepesedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sindikunena kuti tikane cloud. Ndikunena kuti aliyense wosaina mgwirizano wotere m'dzina la anthu azionetsetsa kuti kope la deta lili kuno, kuti pali Amalawi odziwa kuyendetsa sisitimuyo okha, ndiponso kuti njira yotulukira yalembedwa mgwirizano usanayambe. Malo osungira deta a boma amene anatsegulidwa ku Blantyre mu July 2022, omangidwa ndi Huawei, ndi poyambira pabwino. Koma nyumba payokha siteteza kanthu ngati makiyi ake ali m'thumba la womanga.

Pali mbali ina imene imandiopsa kwambiri, ndipo ndimaimva bwino chifukwa cha kumene ndimachokera. Zida zolondera zimayang'ana kumene wazigwira wazilozetsa. Zingathe kulondera ma seva ndi ndalama, zingathenso kulondera kalaliki: wayatsa kompyuta nthawi yanji, watumiza maimelo angati, wakhala mphindi zingati osagwira kanthu. Mu 2020 Microsoft inatulutsa chida chotchedwa Productivity Score, chimene chinkatha kuonetsa mabwana mmene wantchito aliyense akugwiritsira ntchito mapulogalamu ake. Anthu atadzudzula, kampaniyo inachotsamo mayina a antchito.

Ku Magomero kuwerenga kotereku si kwachilendo. Pa esiteti ya A. L. Bruce, m'masiku a thangata, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira mwezi umodzi wa lendi ya malo ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa thangata unkatalika malinga ndi mwini buku. Masiku ankalembedwa ndi akapitawo a esiteti, wantchito sankatha kutsutsa, ndipo panalibe buku lina lolemba zochita za bwana. Landeg White anafotokoza moyo umenewu m'buku lake la 1987 lonena za mbiri ya Magomero. Pa 23 January 1915, anthu a John Chilembwe atadzuka, mmodzi mwa oyamba kuphedwa anali woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone. Chimene ndimaphunzirapo n'chakuti kaundula woyang'ana pansi pokha, amene wolembedwamo sangamuone, amabala mkwiyo. Cashgate sinachitike chifukwa chakuti mesenjala anachedwa kuntchito. Inachitika chifukwa chakuti amene anali ndi mphamvu m'sisitimu sankalonderedwa ndi wina aliyense.

Choncho pempho langa kwa inu anzanga, kaya mukuphunzira zamalamulo, utolankhani, zachuma kapena za makompyuta, ndi lakuti tiphunzire kufunsa mafunso anayi paliponse pamene sisitimu ikugwira miyoyo ya anthu. Kodi ikagwa, woyamba kudziwa ndi ndani, ndipo amadziwa pakapita mphindi zingati? Kodi kope la deta lili kuti, ndipo linayesedwa liti kuti lioneke ngati likugwiradi ntchito? Kodi ndani angathe kufufuta zinthu, ndipo amene amaona zimene wafufutazo ndi ndani? Kodi kampani imene inatigulitsa ikachoka mawa, ntchito ipitirira? Palibe funso pamenepa lofuna digiri ya makompyuta. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo lamulo loteteza deta ya anthu la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Malamulo amenewa azingogona m'mashelefu ngati ife sitiwagwiritsa ntchito.

Ndipo kwa inu amene mukalembedwe ntchito ya IT mukamaliza sukulu, dziwani kuti tsiku lina bwana adzakuuzani kuti mumubwereke pasiwedi yanu, kapena muzimitse kaundula "kwa kanthawi kochepa chabe". Adzanena akumwetulira. Tsiku limenelo mudzakhala mutagwira mankhwala a m'chipatala cha kwanu m'manja mwanu. Mabwana abwino nawonso azidziwa kuti wa IT amene amawavutitsa ndi machenjezo ndiye wowafunira zabwino, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Agogo anga sanapemphe zambiri. Sanafune kudziwa za Zabbix kapena za Cape Town. Ankangofuna kuti pakhale munthu wodziwika, woti amfumu angapite kukamuona, amene akanatumiza uthenga kusanache kuti lero musavutike kuyenda, bwerani Lachinayi. Zida zochitira zimenezi zilipo kale, ndipo zina mwa izo ndi zaulere. Chaka chino ndiwaperekezanso, ndipo sisitimu ikagwa ndidzafunsa dzina la ofesi imene ili ndi makiyi.