Nkhasi za mu Luangwa: khola palokha silingazipulumutse

Ambiri a ife mu Chipata sitinaionepo nkhasi. Amene timawadziwa ndi afulu a m'madambo, onunkha aja amene ana amatola mvula ikayamba, ndipo iwo akali ambiri. Nkhasi ndi ina. Cigoba cake ncofewa ngati cikopa ndipo cimatha kupitirira masentimita 50. Imakhala mu Luangwa, mu Zambezi, mu Shire ndi m'nyanja ya Malawi. Bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi ya kutha, ndipo mu 2016 msonkhano wa CITES ku Johannesburg unaika malamulo pa malonda ake a kunja, cifukwa amalonda a ku Asia, nkhasi za kwao zitacepa, anayamba kuyang'ana ku Africa.

Njira imene akatswiri amaichula kawirikawiri ndi iyi: kutola mazira pamcenga, kuwaswetsa m'khola, kulera tiana mpaka titakula moti ng'azi ndi mbalame sizingatimeze, kenaka kutibweza mumtsinje. Sitikuinyoza njirayi. Ku Myanmar kuli fulu wa m'madzi amene anthu anaganiza kuti anatheratu, mpaka anapezekanso ca m'ma 2002. Mumtsinje wa Chindwin munali mutatsala zazikazi zowerengeka pa zala. Anayamba kusunga mazira ao, ndipo pofika 2020 olerewa m'khola anali pafupifupi 1,000.

Koma kumeneko kunalibenso cina cocita. Kwathu sitinafike pamenepo, ndipo funso ndi lakuti ndalama zocepa zimene tili nazo tiziike pati. Nkhasi imaikira mazira pafupifupi 20 m'nyengo ya mvula. Ambiri amadyedwa, ndipo ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Mtundu umapitirira cifukwa mai mmodzi amakhala moyo zaka zambiri, kuikira caka ndi caka. Ndiye mukalera tiana 100 kwa zaka zitatu, koma mai wao nkufera muukonde kapena pambedza, mwataya zambiri kuposa zimene mwapindula. Tiana tomwe tija tikabwezedwa tidzakumana ndi ukonde womwewo, mwinanso ndi neti ya udzudzu imene inaperekedwa ku cipatala kuti iteteze ana ku malungo.

Nchito yaikulu, tsono, ili pagombe. Ciletso ca usodzi ca Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale cimagwera m'nyengo yomweyo ya mazira. Cikanatsatidwa bwino cikanathandiza nkhasi popanda kumanga khola ngakhale limodzi. Mafumu a Akunda, a Kakumbi, a Nsefu, a Mnkhanya ndi anzao, pamodzi ndi makomiti a m'midzi oyang'anira nyama, ali ndi mphamvu yoika malamulo pa mcenga woikirapo. Msodzi wa ku Mfuwe amadziwa malo amenewa kuposa mlendo aliyense, ndipo kumulipira kuti alonde zisa nkochipa kuposa simenti ndi mapaipi. Tisaiwale kuti kwa iye nkhasi ndi ndiwo. Kumuletsa cabe osamupatsa kanthu ndi kumuuza kuti azipha usiku.

Palinso cina cotidetsa nkhawa. Ku Nakonde kuli fulu wamng'ono wophwatalala wa m'mathanthwe, amene amapezekanso ku Tanzania ndi Kenya. Kwathu ngocepa kwambiri, komabe Zambia inagulitsa kunja zikwi za afuluwa ndi mapepala onena kuti anabadwira m'khola. Akatswiri anakayika, poti fuluyu nthawi zambiri amaikira dzira limodzi lokha, ndipo mu 2019 CITES ku Geneva inamuika m'gulu loletsedwa malonda. Khola lingakhale cobisaliramo nyama zakuba.

Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la 2015, ndiyo imapereka zilolezo. Wina akadzabwera kupempha colerera nkhasi za mu Luangwa, tikufuna aDipatimenti ayambe awerengetsa zimene zili mumtsinje, ndipo mfumu ya dera iuzidwe ciwerengero ca mazira otengedwa ndi ca tiana tobwezedwa caka ciliconse.