Musamulande mahedifoni mwana, muphunzitseni kuwatchera bwino

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni, a zaka 12 mpaka 35, ali pachiopsezo chowonongeka makutu chifukwa cha mmene amamverera nyimbo. Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kunja kokha. Imani pa depoti ya Dedza kapena kwerani minibasi ya ku Lilongwe, muwerenge achinyamata amene ali ndi timawaya m'makutu. M'miyezi ya June ndi July kukazizira, timawayato timabisala m'chipewa, inu makolo osaona n'komwe.

Makolo ambiri akakwiya amangolanda foni. Tsamba lino likuti imeneyo si njira. Mwana wolandidwa foni amakabwereka ya mnzake n'kumvera mobisa. Chofunika ndi chakuti inu mudziwe mabatani awiri amene ali m'foni kapena m'kawailesi ka memori khadi: la voliyumu, ndi lina lotchedwa equalizer.

Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kunjenjemera kochepa pa sekondi kumatulutsa mawu a besi, monga a ng'oma yaikulu. Kochuluka kumatulutsa mawu oonda, monga a wenzulo. Muyeso wake ndi hertz, ndipo khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000. Equalizer imagawa mawuwa m'magulu. Pa mafoni ambiri a Android mupeza timizere tisanu: kumanzere kuli besi, cha pa 60, pakati pali mawu a munthu, kumanja kuli mawu oonda, cha pa 14,000. Mukakankhira kamzere m'mwamba, mwakweza gulu limenelo lokha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mphamvu ya mawu imayezedwa ndi ma decibel, ndipo sawerengedwa ngati makilogalamu a mbatata. Mukawonjezera ma decibel 3 okha, mphamvu yofika m'khutu imawirikiza kawiri. Mukawonjezera 6, imawirikiza kanayi. Choncho mwana amene wakweza timizere tonse amakhala wakweza phokoso ngakhale batani la voliyumu sanaligwire.

Tiyeni titenge chitsanzo cha nyimbo za m'mafilimu, zoimbidwa ndi gulu lalikulu la mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, monga zimene John Williams anapeka mu Star Wars mu 1977, kapena za Hans Zimmer mu The Lion King ya 1994, momwe mumamvekanso mawu a Lebo M wa ku South Africa. Kholo likamva mwana akumvera zoterezi limakhazika mtima pansi, poganiza kuti ndi nyimbo zofatsa. Koma nyimbozi zili ndi msampha wake. Nyimbo zovina zimakhala pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Za m'filimu zimayamba monong'ona, chitoliro chimodzi chokha, ndiye womvera amakweza voliyumu kuti amve. Pakapita mphindi, malipenga ndi ng'oma zonse zimalowa pamodzi, voliyumu ili pamwamba pomwepo. Akakhala m'minibasi kapena pafupi ndi chigayo, amakweza koposa kuti apose phokoso la kunja.

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kooneka ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo tatsitsi pafupifupi 16,000. Timeneti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likapitirira, timatopa, kenako timafa, ndipo tikafa sitiphukanso. Palibe jakisoni, piritsi kapena mankhwala odontheza amene angatibwezeretse. Timene timayamba kuwonongeka ndi tomva mawu a cha pa 4,000 hertz. Mawu oonda a m'chilankhulo monga "s" ndi "f" amadalira chigawo cha pamwamba chimenechi, n'chifukwa chake mwana wotere amamva kuti aphunzitsi akulankhula koma mawu ena amamuphonya, makamaka m'kalasi mwaphokoso. Kunyumba timamunena kuti ndi wamwano, kusukulu amamunena kuti ndi wosamvetsera.

Mu 2019, WHO pamodzi ndi bungwe la zamtokoma la ITU anakhazikitsa mlingo: munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana mlingo wake ndi 75. Pa 90, nthawi yotetezeka imatsika kufika pa maola 4 pa sabata. Pa 100, siikwana n'komwe theka la ola. Mafoni ambiri akakwezedwa mpaka kumapeto amatha kufika pa mlingo umenewu.

Ndiye mwana atchere bwanji? Ayambe ndi kubweza timizere tonse pakati, pamene palembedwa Flat kapena Normal. Akatswiri amene anajambula nyimbozo anazisakaniza kale bwino. Ngati china chake sichikumveka, atsitse chimene chikuphimba chinzake m'malo mokweza. Mavayolini akamira, atsitse besi pang'ono, adzamveka okha. Malipenga akamabaya m'khutu, atsitse kamzere ka cha pa 3,000 kapena 4,000. Bass Boost aizimitse: timahedifoni totsika mtengo sititha kutulutsa besi yakuya, timangosokosera, ndipo mwana amathera pokweza voliyumu. Akatero, apite pamene nyimbo yafika pachimake, atchere voliyumu pamenepo, osapitirira magawo 60 pa 100 alionse, ndipo asaikwezenso ikafika pofatsa. Foni ikachenjeza kuti mawu akwera kwambiri, asangodina kuti apitirize. Mahedifoni a timipira tokwana bwino m'khutu amatchinga phokoso la kunja, motero safuna voliyumu yaikulu. Koma asawavale poyenda kapena popalasa njinga mumsewu wa M1. Pakatha ola, avule, makutu apume.

Muyeso wosavuta kwa inu makolo ndi uwu: imani pomwe mkono wanu ungafike, mulankhule mwachizolowezi. Ngati sakukumvani, kapena inu mukumva nyimbo ikutuluka m'mahedifoni ake, yakwera kwambiri.

Ena anena kuti m'midzi yathu vuto lalikulu la makutu ndi mafinya, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi, osati nyimbo. Akunena zoona, ndipo mwana wotuluka mafinya m'khutu apite kuchipatala msanga. Koma khutu limene linavulala kale ndi matenda ndi limene liyenera kusungidwa kwambiri. Komanso pa zonse zogonthetsa makutu, iyi ndi imene kuipewa kwake sikufuna ndalama, mankhwala kapena thiransipoti. Anthu a ku Dedza tili ndi sukulu ya ana osamva ku Mua, ndipo tikudziwa ntchito imene imakhalapo kuti mwana wosamva aphunzire.

Inu mavolontiya a zaumoyo ndi alangizi athu a m'midzi, mukamayendera mabanja ndi magulu a achinyamata, onjezani mafunso atatu. Kodi m'makutu mumalira ukavula mahedifoni? Kodi mawu amamveka ngati muli thonje? Kodi umapempha anthu kubwereza zimene anena? Kulira kwa m'makutu ndi chenjezo loyamba. Kukapitirira masiku angapo, mtumizeni ku chipatala chapafupi kapena cha boma cha Dedza, komwe angamutumize kokayezetsa kumva, monga ku chipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumva kukatayika mwadzidzidzi, apite tsiku lomwelo.

Pa 3 March chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse, koma musadikire tsikulo. Madzulo ano mupempheni mwana wanu akuonetseni pamene pali equalizer m'foni yake. Iye akuidziwa foniyo kuposa inu, ndipo inu tsopano mukudziwa chimene chingachitikire khutu lake. Khalani pansi, mutchere limodzi.