Chilembo chimodzi chimene chimakweza mtengo wa galimoto

Mu June 2014, pa okushoni ya Mecum mumzinda wa Seattle ku America, galimoto yakale ya Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971, yotsegula denga, inagulidwa madola 3.5 miliyoni. Barracuda ina ya chaka chomwecho, yooneka pafupifupi chimodzimodzi koma ya injini wamba ya 318, siyandikira n'komwe mtengo umenewo. Chimene chimasiyanitsa ndi injini imene galimotoyo inatuluka nayo kufakitale.

Nthawi imeneyo wogula ankasankha yekha injini pooda galimoto. Wofuna Hemi ya 426 ankawonjezera madola pafupifupi 900, ndipo inshuwalansi yake inali yokwera kwambiri. Anthu ambiri anaikana. Zotsegula denga za Hemi za 1971 sizinapitirire 12, ndipo chaka chimenecho chinali chomaliza kuti injiniyi iikidwe m'magalimoto amenewa. Chimene chinkasowa ogula kale ndicho chikulimbiranidwa lero.

Munthu akhoza kugula injini ya Hemi n'kuimanga m'galimoto yomwe inatuluka ndi 318. Idzalira ndi kuthamanga ngati yeniyeniyo, koma mtengo wake udzatsalira kutali. Ogula odziwa amayamba ndi nambala ya chesisi: chilembo chachisanu chikakhala R ndiye kuti inatuluka ndi Hemi, chikakhala G ndi ya 318. Kenako amaona ngati nambala yodindidwa pa injini ikugwirizana ndi ya chesisi.

Ena amati n'kuwononga ndalama kulipira mamiliyoni chifukwa cha chilembo. Ine ndikuona kuti ogulawo akulipira umboni, monga mmene ife timachitira pogula njinga yamoto, jenereta kapena foni yogwiritsidwapo kale ntchito. Katundu amene mwini wake angasonyeze kumene anachokera amapita msanga, ndipo wogula sanenerera kwambiri.

Tsono anzanga a geni, sungani risiti, bokosi ndi mapepala a katundu aliyense wodula. Pogula njinga yamoto kapena galimoto yoti mukagulitse, werengani nokha nambala ya injini muifananize ndi ya mu blue book musanatulutse ndalama. Ngati injini inasinthidwapo, tsitsani mtengo wogulira, ndipo inunso mukamuuze kasitomala wanu. Akadzazitulukira yekha kwa makaniko, adzakubwezerani katunduyo, ndipo msika wonse udzamva.