Phunziro la chemistry lili pa mbaula

Ana asukulu ambiri amandidandaulira kuti chemistry ndi zilembo ndi manambala basi, zongoloweza. Ine ndimawauza kuti ayang'ane mbaula ya kunyumba kwawo, makamaka m'nyengo yozizira ino ya June ndi July.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Mitundu ya maatomu yodziwika lero ilipo 118, ndipo ndandanda imene mumaiona m'kalasi ija inayamba ndi Dmitri Mendeleev wa ku Russia mu 1869. Gawo lalikulu la makala ndi carbon, pomwe mpweya umene timapuma uli ndi oxygen pafupifupi magawo 21 pa 100 aliwonse.

Makala akamayaka pamalo popita mphepo, atomu imodzi ya carbon imagwirana ndi maatomu awiri a oxygen n'kupanga carbon dioxide, CO2. Koma mukatseka chitseko ndi mawindo, oxygen imachepa, ndipo carbon yambiri imagwirana ndi atomu imodzi yokha. Apo pamatuluka carbon monoxide, CO. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, koma umakakamira m'magazi kuposa oxygen maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako amagona osadzukanso.

Choncho inu ophunzira, mukamawerenga za CO ndi CO2 pokonzekera mayeso a MSCE, dziwani kuti atomu imodzi yosiyanayo imatha kupha banja lonse usiku umodzi. Madzulo ano kauzeni makolo anu kuti mbaula isagone m'nyumba.