Magalamu sangakutchingireni mvula

Funsani pa gulu la WhatsApp la okwera mapiri muno mu Blantyre kuti inu ndi wokondedwa wanu mugule tenti yanji, muone. Mphindi zisanu sizitha, wina watumiza kale zithunzi za MSR Hubba Hubba, wina Big Agnes Copper Spur, ndipo mkangano wonse uli pa chinthu chimodzi: imalemera bwanji? Iyi akuti kilogalamu imodzi ndi theka, iyo yapepukirapo ndi magalamu 200. Palibe wofunsa ngati imadontha. Palibenso wokumbutsa kuti mtengo wake umapitirira madola 400, musanawonjeze yotumizira ndi msonkho, m'dziko lomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo dola kuipeza ku banki ndi nkhondo. Kwa munthu wa pa Mbayani, imeneyo ndi renti ya miyezi yambirimbiri.

Matenda owerenga magalamuwa tawatengera pa YouTube, ndipo si athu. Eni ake ali ndi chifukwa. Munthu woyenda Appalachian Trail ku America amaponda makilomita pafupifupi 3,500, miyezi isanu kapena kuposa, katundu yense ali kumsana kwake. Ameneyo akadula ngakhale chogwirira cha mswachi ndimamumvetsa. Nanga ife? Minibasi ku Limbe, kutsikira pa Chitakale, kabaza mpaka pa Likhubula, kenako maola atatu kapena anayi okwera kukafika ku Chambe. Lamlungu madzulo tili kunyumba tikusita zovala za kuntchito. Kusiyana kwa tenti ya makilogalamu 1.5 ndi ya 2.5 ndi paketi imodzi ya shuga. Muli awiri: wina atenge nsalu, wina ndodo ndi zikhomo, aliyense zamuwonjezekera theka la paketi. Aise, theka la paketi ya shuga ndi limene mukufuna kugulitsira foni?

Ndipo tinene zoona, ambiri amene amakuwa za kupepukawa chikwama chawo chimakwera phiri pamsana pa mnyamata wa ku Likhubula. Munthu amalipira madola mazanamazana kuti tenti ipepuke, akafika pansi pa phiri n'kuyamba kunenerera malipiro a womunyamulira katundu ngati akugula tomato. Ngati msana wa mnyamatayo ukukukhudzani, mulipireni bwino. Zimenezo azimva kuposa magalamu 200 anuwo.

Nambala imene imalembedwa ndi zilembo zazikulu pa intanetiyo nayonso ili ndi kachinyengo. Kawirikawiri amayeza nsalu ziwiri ndi ndodo basi, zikhomo, zingwe ndi thumba osaziwerengera. Kupepukako amakupeza popyapyalitsa nsalu, mpaka pansi pa tenti pamafuna kuyalira chinsalu china, chogula padera. Ikang'ambika pa mwala wa Mulanje, telala wa mumsika sangakupezereni nsalu yofanana nayo.

Musaganize kuti ndikukutumizani ku matenti otchipa aja odzitambasula okha, a nsalu imodzi. Amenewo ndi a kunyanja, a Sand Music Festival, kumene tenti ndi posungira zikwama chifukwa palibe amagona. Anthu awiri akamapuma usiku wonse m'kanyumba kotseka, mpweya wawo umasanduka madzi pansalu yozizira, ndipo m'mawa mumadzuka mutanyowa kunja kusanagwe dontho. Onjezani chiperoni, mvumbi uja wobwera ndi mphepo ya ku Mozambique, umene mu Juni ndi Julaye umatha kukhala masiku angapo osasuntha. Pa Mbayani chiperoni timangochivalira juzi. Pamwamba pa Mulanje, pamene Sapitwa afika mamita 3,002, kunyowa usiku wozizira kumatha kupha munthu.

Ndiye poti mwalimbikira kugula, yang'anani izi. Nsalu zikhale ziwiri, yamkati yopuma yokhala ndi neti, yakunja yotsika mpaka pafupi ndi nthaka. Pa chikalata pamakhala nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu yotchinga madzi: yakunja isachepere 1,500, yapansi ikafika 3,000 ndiye bwino. Tembenuzani nsalu muone misoko ngati inamatidwa tepi, chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano. Ndodo za aluminiyamu zimapindika, za faibagalasi zimasweka n'kuboola nsalu. Ndipo tenti ikhale yoima yokha popanda zikhomo, poti malo ena dothi ndi lochepa, pansi ndi thanthwe.

Koma bodza lalikulu kwa anthu okondana ndi mawu akuti “ya anthu awiri”. Matenti ambiri opepukawa m'lifupi mwake ndi masentimita 120 kapena 130, ena amachepanso kumiyendo. Timatiresi tiwiri ta masentimita 51 tadya kale 102. Chotsalacho ndi cha zigongono, nsapato zonyowa ndi mkwiyo. Pachithunzi cha Instagram zimaoneka zachikondi. Ikamakwana 2 koloko usiku wina akufuna kukataya madzi, khomo lili limodzi, akukwera pamutu pa mnzake, chikondi chimayesedwa. Makomo awiri ndi kakhonde koikapo zikwama zimaposa magalamu alionse. Ngati nonse ndinu a thupi, gulani ya anthu atatu, osachita manyazi.

Wina anena kuti: nanga tenti n'njachiyani poti ku Mulanje kuli nyumba zogona, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani ndi zina? Funso labwino, ndipo kwa amene akupita koyamba yankho langa ndi lakuti musagule kalikonse. Gonani m'nyumbazo, muli moto ndi mlonda, kapena bwerekani tenti kwa mnzanu muone kaye ngati moyo umenewu ndi wanu. Koma ndikudziwanso chimene anthu awiri a pa Mbayani amafunira tenti. Kuno khoma ndi limodzi ndi aneba, alandilodi ali pakhonde, mlamu wagona pabalaza. Mukwere phiri lonse lija kuti mukagonenso pansi ndi alendo khumi ochita mkonono? Tenti yokhomedwa pafupi ndi nyumba ya m'phiri, kapena pa Zomba pafupi ndi Mulunguzi, ndi chipinda chokhacho chimene ena a ife tingatseke zipi n'kumva kuti tili awiri. Chipinda choterocho chimayenera kukhala chouma ndi chotakasuka. Kupepuka kubwere pambuyo.

Ya pa kaunjika ilibe vuto, bola muitambasule pomwepo, muwerenge ndodo, muyese zipi zonse, muinunkhize. Ikamanunkha chuku kapena mkati mukamanata, mankhwala otchinga madzi anatha, isiyeni. Choyala pansi musagule cha madola: pepala lakuda lapulasitiki lofolerera nyumba za udzu lija, lidulidwe mocheperako pang'ono kuposa tenti kuti lisakolole madzi, limagwira ntchito yomweyo.

Musanakwere minibasi, ikhomeni pabwalo, mnzanu alowe, inu muithire ndowa ziwiri za madzi. Aneba abwera kudzafunsa kuti maliro ndi a ndani, poti kuno tenti timaidziwira pa zovuta ndi pa misasa ya Freddy ya 2023. Auzeni kuti kulibe, kenako funsani ali mkatimo ngati wanyowa.