Zida zotsika mtengo zokonzera galimoto: tigule ziti, tisiye ziti?

Kuno ku Britain galimoto ndi khasu lathu. Ambiri mwa ife amene timasamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo timadziwa kuti galimoto ikakana kulira m'mawa, ndiye kuti tsikulo malipiro palibe, pomwe kwinakwake kuli gogo amene akudikira mankhwala ndi chakudya. Timadziwanso kuti kugalaja amalipiritsa pa ola, ndipo ola limodzi la makaniko limameza thukuta lathu la maola angapo. N'chifukwa chake ambiri tayamba kudzikonzera tokha zing'onozing'ono. Funso limene limabuka kawirikawiri tikakumana ndi lakuti: kodi zida zotsika mtengo za ku Lidl, ku Aldi kapena ku B&M n'zokwanira pa ntchito imeneyi?

Maganizo athu ndi akuti zambiri n'zokwanira, koma osati zonse. Posiyanitsa tisayang'ane mtengo kapena dzina la sitolo. Tidzifunse funso limodzi: chida ichi chikathyoka tili mkati mwa ntchito, chidzawonongeke n'chiyani? Ngati tidzangotaya mapaundi ochepa ndi nthawi, tigule chotchipa mosaopa. Koma ngati chodzawonongekacho ndi chifuwa cha munthu, kapena tayala kuguluka galimoto ili pa liwiro, pamenepo kuumira n'kudziputira maliro.

Tiyambe ndi zimene tingagule mtima uli m'malo. Kusintha mababu, mawaipa, batire kapena fyuluta ya mpweya sikufuna zida zapamwamba. Masikuludiraiva, pulayala, masipanala ndi kabokosi ka masoketi a m'masitolo otchipa amagwira bwino ntchito zoterezi. Zida zodula amapangira makaniko amene sipanala yake imagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka chonse. Yathu imatuluka m'bokosi mwina kanayi pachaka. Tingoonetsetsa kuti pachidacho palembedwa Cr-V, kusonyeza chitsulo cholimba cha chrome vanadium. Tisakopekenso ndi mabokosi a zida 200. Galimoto za ku Japan zimafuna kwambiri masipanala a mamilimita 10, 12, 14 ndi 17, pomwe za ku Ulaya zimakonda 10, 13 ndi 17. Zina zonsezo zidzangochita dzimbiri.

Zida zina zotchipa zimatipulumutsa ku zilango. Babu lakupsa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimalepheretsa galimoto zambiri pa MOT, chonsecho kulisintha n'kwa mphindi zochepa pa galimoto zambiri. Lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6 kapena kuposa, ndipo chilango chake chimatha kufika £2,500 ndi mapointi 3 pa tayala lililonse. Choyezera chake tili nacho kale m'thumba: kobiri la 20p. Tikaliika mumzere wa tayala n'kuona mkombero wake wakunja ukuonekera, tayalalo lifunika kuyezedwa bwino msanga. Nako kachipangizo kotchipa ka OBD, kowerengera mavuto a injini nyali ikayaka, kamatithandiza kufika kugalaja tikudziwa chimene tikukamba.

Vuto limayamba tikafika pa mabawuti ogwira dzimbiri. Nyengo yozizira akhonsolo amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya kunsi kwa galimoto. Soketi yotchipa imene sigwira bawuti mothina imaterereka n'kusalaza mutu wake, ndipo ntchito ya theka la ola imasanduka yoitanira galimoto yokoka. Apa nzeru ndi kugula masoketi abwino ochepa a misinkhu imene timagwiritsa ntchito kawirikawiri, makamaka a makona asanu ndi limodzi, chifukwa amagwira m'mbali mwa bawuti osati m'nsonga mwake. Tithire mafuta omasulira dzimbiri, tidikire, kenako timasule ndi chitsulo chachitali chopangidwira ntchitoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tifike pamene sitiyenera kunyengerera. Jeke imene imabwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala basi. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yopachikidwa pa jeke yokha, kaya yotchipa kaya yodula. Pafunika miyendo yachitsulo yochirikizira, imene kuno amati axle stands, yoikidwa pamalo olimba ndi athyathyathya, matayala otsalawo atatsekerezedwa. Njerwa ndi zidutswa za mabuloko zimaphwanyika mosachenjeza. Ndipo miyendo imeneyi tisaigule pongoona kuti mtengo watsika. M'chaka cha 2020 sitolo ya zida zotchipa ya ku America, Harbor Freight, idaitanitsa miyendo yotere pafupifupi 1.7 miliyoni kuti ibwezedwe, zitadziwika kuti ina imatha kugwa galimoto ili pamwamba. Chilema chotere sichioneka ndi maso m'sitolo. Tigule kwa ogulitsa odziwika, tiwerenge kulemera kumene chidacho chimanyamula, ndipo tayala limene tachotsa tiziligoneka kunsi kwa galimoto kuti likhale chitetezo chachiwiri.

Ife a ntchito yosamalira anthu tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Makina onyamulira odwala amayenera kuyezedwa miyezi 6 iliyonse malinga ndi malamulo a LOLER a 1998, ndipo sitiyerekeza kunyamula munthu tisanaone chizindikiro chake ndi kulemera kovomerezeka. Nanga bwanji tikaweruka tilole kugona kunsi kwa chitsulo cholemera kuposa tani imodzi, chopachikidwa pa chida chimene palibe adachiyeza?

Manati a matayala nawo safuna zongoyerekeza. Akalimba mopitirira amawononga mabawuti. Akachepa mphamvu amamasuka panjira. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna mphamvu ya pakati pa 100 ndi 120 Nm, koma nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Chomangira chake, torque wrench, chikhale chodalirika, ndipo tikamaliza tizichibwezera pa nambala yotsika kuti chisataye muyezo. Kunena za mabuleki, vuto si chida koma luso: amene sadaphunzitsidwe apite kugalaja. Eni galimoto za hybrid asakhudze mawaya a mtundu wa olenji, pakuti magetsi ake amapha.

Ena adzati zotchipa zimadula, choncho tigule zapamwamba zokhazokha. Koma munthu wolipira lendi kuno, uku akutumiza fizi ndi ndalama ya feteleza kumudzi, sangaike mapaundi mazanamazana m'bokosi lotsegulidwa mwa apo ndi apo. Enanso adzati amakaniko a ku Ndirande amatsitsa injini ndi masipanala ochepa okha. N'zoona, koma chimene chimagwira ntchito kumeneko ndi luso la zaka zambiri, ndipo lusolo saligulitsa pashelefu.

Pempho lathu kwa mamembala ndi ili. Aliyense adzigulire zida zake zing'onozing'ono kumene angakwanitse, ndipo asunge risiti, chifukwa lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula masiku 30 obwezera katundu wachilema n'kulandira ndalama zake. Koma zida zitatu zosunga moyo, jeke yabwino, miyendo yochirikizira ndi torque wrench, tingathe kusonkherana m'dera lililonse monga timachitira pa chipereganyu, n'kumabwerekana. Pakhale mmodzi wozisunga ndi kuziyang'anira, ndipo wolowa kunsi kwa galimoto asakhale yekha pakhomo. Oyilo wakutha tikasiye kumalo a khonsolo olandirirako zinyalala, osati kuthira mungalande.

Abale ndi alongo, tonse tikudziwa kulemera kwa msonkhamsonkha wotumizira thupi la mnzathu kumudzi. Wogulira jeke ndi wopepuka kwambiri, ndipo tingathe kuuyamba pa msonkhano wathu ukubwerawu.